Kuyeza kulimba kwa chiwindi ndi kapamba: n'chifukwa chiyani amayeza ngakhale mwana wosadwala?

Kapepala aka kachokera m'nkhani ya zaumoyo yomwe inaulutsidwa pa wailesi ya m'dera kwa anthu a ku Cassacatiza ndi midzi yozungulira, m'boma la Chifunde. Tailemba monga inakambidwira. Mukawerenga, awerengereninso ena amene maso awo saonanso bwino kapena amene sanapite kusukulu.

 Lero tikambirana za ziwalo ziwiri za m'mimba mwa mwana, chiwindi ndi kapamba, komanso za makina amene amayeza kuti ziwalozi n'zofewa kapena zalimba.

Tiyambe ndi chinthu chimene tonse tinachionapo. M'mudzi muli mwana wa zaka zisanu ndi ziwiri kapena khumi. Amadya bwino, amathamanga ndi anzake, amapita kubusa. Koma mimba yake ndi yaikulu, ndipo mukamugwira pansi pa nthiti za kumanzere mumamva chinthu cholimba. Agogo amati, “Ndi kapamba ameneyo, adzatha yekha akamakula.” Nthawi zina amathadi. Nthawi zina satha, ndipo patapita zaka khumi kapena makumi awiri, munthu yemwe uja, tsopano ali ndi banja lake, amangoyamba kusanza magazi ali kumunda. Vuto la chiwindi ndi limeneli: chimawonongeka mwakachetechete, mwini wake osamva kupweteka. N'chifukwa chake madokotala anafunafuna njira yodziwira kuti chayamba kulimba mwana asanaoneke kuti akudwala.

Ntchito ya chiwindi ndi kapamba

Chiwindi chili kumanja, chobisika ndi nthiti. Magazi onse ochokera m'matumbo, atanyamula chakudya chimene tadya, amayamba adutsa m'chiwindi asanapite kumtima. Chiwindi chimasefa magaziwo, chimachotsa poizoni, chimasunga chakudya chopatsa mphamvu, chimapanga ndulu yothandiza kugaya mafuta, ndiponso chimapanga zinthu zimene zimaumitsa magazi tikavulala.

Kapamba ali kumanzere, nayenso pansi pa nthiti, ndipo ndi wamng'ono kuposa chiwindi. Ntchito yake ndi kuchotsa magazi okalamba kapena owonongeka komanso kuthandiza thupi kulimbana ndi tizilombo. Kapamba wa mwana wamkulu wathanzi nthawi zambiri simungamumve ndi dzanja.

Chofunika kugwira pamenepa n'chakuti ziwalo ziwirizi n'zolumikizana. Magazi otuluka m'kapamba amakumana ndi magazi ochokera m'matumbo, n'kulowa m'chiwindi kudzera mumtsempha umodzi waukulu. Inu a madimba mukudziwa zimene zimachitika ngalande ikatsekeka kumunsi: madzi amabwerera kumtunda, n'kudzaza, n'kuboola njira pamene sipayenera. Chiwindi chikalimba, magazi amavutika kudutsa, amabwerera m'kapamba ndipo kapamba amatupa. Ena amafuna njira kudzera m'timitsempha ta kum'mero. Timitsempha timeneti n'topyapyala. Tikadzaza kwambiri timaphulika, ndipo kumeneko ndiko kusanza magazi kuja.

Chimalimbitsa chiwindi cha mwana n'chiyani?

Aliyense amene anasendapo mbuzi amadziwa kuti chiwindi chabwino chimakhala chofewa ndi chosalala. Chiwindi chikamavulazidwa kwa nthawi yaitali chimachita zipsera m'kati, monga khungu limachitira likapsa ndi moto. Chipsera n'cholimba ndipo sichigwira ntchito ya mnofu umene unalipo. Kwa akuluakulu, kachasu ndi mowa wina ndi zimene zimatchulidwa kawirikawiri. Kwa ana a kuno, tikambe zinthu zitatu.

Choyamba ndi likodzo. Ambiri timadziwa likodzo la kukodza magazi, koma lilipo la mitundu iwiri. Kafukufuku amene anachitika m'sukulu za m'dziko lonse la Mozambique pakati pa 2005 ndi 2007 anapeza kuti ana 47 mwa 100 alionse anali ndi likodzo la m'chikhodzodzo, pamene la m'matumbo linapezeka mwa mwana pafupifupi mmodzi mwa 100. Musanyozere chiwerengero chaching'onocho. Likodzo la m'matumbo silifalikira mofanana: mudzi wina likhoza kusowa, mudzi wina woyandikana ndi dziwe lina n'kukhala ndi ana ambiri ogwidwa. Ndipo ndi limeneli limene limawononga kwambiri chiwindi. Silioneka mumkodzo, choncho kholo likhoza kunena kuti mwana wanga alibe likodzo pamene ali nalo.

Kayendedwe kake n'kotere. Munthu wodwala akachita chimbudzi kapena kukodza m'madzi kapena pafupi ndi madzi, mazira a nyongolotsi amaswa n'kulowa mu nkhono za m'madzi. Patapita milungu ingapo, nkhonozo zimatulutsa tizilombo tosaoneka ndi maso timene timaboola khungu la aliyense amene waponda m'madzimo: mwana wosambira, mayi wochapa, mnyamata wotunga madzi othirira nazale ya fodya. M'thupi, nyongolotsi zimakula n'kukhala m'mitsempha ya magazi kwa zaka, zikuikira mazira tsiku ndi tsiku. Mazira ena amatengedwa ndi magazi n'kukakodwa m'chiwindi, ndipo thupi limazinga dzira lililonse ndi chipsera. Dokotala wina wa ku Germany, Theodor Bilharz, ndiye anayamba kuona nyongolotsizi mumzinda wa Cairo ku Egypt mu 1851, ndipo mu 1904 dokotala wina, William Symmers, anafotokoza mmene zipsera zake zimakutira mitsempha ya m'chiwindi.

Chachiwiri ndi kachilombo ka hepatitis B, kamene kamatupitsa chiwindi. Kamayenda m'magazi. Mwana amakatenga kwa mayi pobadwa, kapena ali wamng'ono kudzera m'zilonda, malezala obwerekana ndi zida zotemera mphini zimene zagwira anthu angapo. Munthu wamkulu akakatenga, nthawi zambiri thupi limakagonjetsa lokha. Koma mwa makanda 10 amene akatenga pobadwa, pafupifupi 9 amakhala nako moyo wonse, ndipo kamadya chiwindi pang'onopang'ono mwana akuoneka bwinobwino.

Chachitatu ndi chuku cha mtedza ndi chimanga chosauma bwino. M'menemo mumakhala poizoni wotchedwa aflatoxin, amene satha ngakhale mukazinge kapena kuphika. Poizoniyu amavulaza chiwindi, ndipo akakumana ndi hepatitis B m'thupi limodzi, chiopsezo cha khansa ya chiwindi chimakwera kwambiri. Dziko lathu limadziwika pa nkhani imeneyi: kafukufuku wina woyambirira amene anasonyeza mgwirizano wa aflatoxin ndi khansa ya chiwindi anachitikira m'chigawo cha Inhambane.

Tisaiwale kuti kapamba amatupanso pa zifukwa zina zosachokera m'chiwindi. Chachikulu kuno ndi malungo obwerezabwereza. Chinanso ndi matenda a magazi a siko selo, amene mwana amabadwa nawo. Ndiye kungomva kuti kapamba watupa sikutiuza kuti watupa ndi chiyani. Apa m'pamene makina amathandiza.

Makinawa amayeza bwanji?

Amayi ambiri anaunikidwapo ali oyembekezera ndi makina oonera mwana m'mimba. Kuno timati ecografia, tsidya la Zambia amati sikani. Makina amenewo amatumiza m'thupi kaphokoso kosamveka ndi khutu, kaphokosoko kamagunda ziwalo n'kubwerera, ndipo makina amajambula chithunzi. Ndi sikani wamba imeneyi dokotala amaona kukula kwa chiwindi ndi kapamba, madzi m'mimba, komanso zipsera za likodzo zozungulira mitsempha.

Kuyeza kulimba ndi sitepe ina yoonjezera, imene madokotala amaitcha elastography. Taganizani za chingwe choyanikapo zovala. Chikakhala cholendewera, mukachigwedeza mbali ino, kugwedezekako kumayenda pang'onopang'ono kukafika mbali inayo. Chikakhala chokungika, kumafika msangamsanga. Makinawa amachita chimodzimodzi. Kachida kamene dokotala amaika pakati pa nthiti kamagogoda pang'ono, ngati kukhudza ndi chala. Kugwedezeka kumeneko kumalowa m'chiwindi, ndipo makina amayeza liwiro lake. M'chiwindi chofewa kumayenda pang'onopang'ono, m'chiwindi cholimba kumathamanga. Zotsatira zake zimatuluka ngati nambala, m'muyezo wotchedwa kilopascal, umene amaulemba mwachidule kuti kPa. Nambala ikakhala yaikulu, ndiye kuti chiwalocho n'cholimba.

Makina odziwika kwambiri a mtundu umenewu ndi FibroScan, amene anapangidwa ku France ndipo anayamba kugwiritsidwa ntchito mu 2003. Makina ena atsopano a sikani wamba amathanso kuyeza kulimba. Asanabwere makinawa, njira yotsimikizira zipsera inali kulowetsa singano yaitali pakati pa nthiti n'kutapa kachidutswa ka chiwindi, chinthu chopweteka ndiponso chotha kutayitsa magazi, chimene palibe angachite kwa mwana wosadwala.

Poyeza, mwana amagona chagada, dzanja lamanja atalikweza pamwamba pa mutu kuti nthiti zitseguke. Amamupaka mafuta ozizira oterera pakhungu. Dokotala amayeza kakhumi pamalo amodzi n'kutenga nambala ya pakati, chifukwa muyezo umodzi wokha ukhoza kunama. Poyeza kapamba amachita chimodzimodzi mbali ya kumanzere. Zonse zimatha m'mphindi zochepa. Mwana amafunika akhale maola atatu kapena kuposerapo osadya, chifukwa munthu akangodya magazi ambiri amathamangira m'chiwindi ndipo chimaoneka cholimba kuposa mmene chilili. Kulira ndi kuphiriphitha nakonso kumasokoneza, choncho mayi kapena bambo amakhala pambali kuti mwana adekhe.

Nanga mwana wosadwala amamuyezeranji?

Funso lalikulu la lero ndi limeneli, ndipo yankho lake muli nalo kale m'nyumba mwanu. Tengani khadi la sikelo la mwana wanu. Muona mizere yokwera imene anamwino amayerekezera kulemera kwa mwana mwezi ndi mwezi. Mizere imeneyo sinagwe kumwamba. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO linaitulutsa mu 2006 litayeza ana athanzi oposa 8,000 a m'mayiko asanu ndi limodzi: Ghana, Brazil, India, Norway, Oman ndi United States. Chifukwa chakuti makolo a ana osadwala aja analola kuti ana awo ayezedwe, lero namwino wa kuno amatha kunena kuti mwana uyu akukula bwino, uyu akunyentchera.

Chiwindi n'chimodzimodzi. Makina akatulutsa nambala 6, tidziwa bwanji ngati ili bwino kapena ayi? Tiyenera kudziwa kaye nambala ya chiwindi chabwino. Kwa akuluakulu zimenezi zinadziwika: chiwindi chabwino chimakhala pa 4 mpaka 6 kPa. M'malangizo ake a 2024 okhudza hepatitis B, WHO inati kupitirira 7 ndiye kuti zipsera zachuluka ndipo munthu ayambe mankhwala, ndipo kupitirira 12.5 ndiye kuti chiwindi chauma kwambiri.

Koma mwana si munthu wamkulu wochepa msinkhu. Nthiti zake n'zothinana, chiwindi chake n'chaching'ono ndipo chikukulabe. N'chifukwa chake madokotala a ana m'mayiko angapo anayeza ana athanzi a misinkhu yosiyanasiyana. Ku Germany, kafukufuku amene anatuluka mu 2012 anapeza kuti chiwindi cha ana athanzi chimakhala pakati pa 4 ndi 5 kPa, ndipo nambalayo imakwera pang'ono mwana akamakula: ana osafika zaka zisanu ndi chimodzi anali cha pa 4.4, achinyamata anali cha pa 5. Kapamba wabwino amakhala wolimba kangapo kuposa chiwindi chabwino. Amene sakudziwa zimenezi akhoza kuona nambala yaikulu ya kapamba n'kuopseza kholo pachabe.

Palinso chifukwa china chimene chikutikhudza ife. Ana ambiri amene anayezedwa m'kafukufuku wotere ndi a ku Ulaya, Asia ndi America, amene sanadwalepo malungo ngakhale kamodzi. Mwana wa ku Chifunde amene timati ndi wathanzi mwina wadwala malungo kangapo, ndipo kapamba wake wagwira ntchito yaikulu chibadwire. Muyezo wochokera kutali ukhoza kumutcha wodwala pamene ali bwino, kapena kumutcha wabwino pamene wayamba kudwala. Akatswiri anazindikira vutoli kale pa nkhani ya kukula kwa ziwalo. Mu 1996, atakumana mumzinda wa Niamey ku Niger kuti agwirizane za kaunikidwe ka likodzo ndi sikani, anasankha kuyerekeza kukula kwa chiwindi ndi kapamba ndi kutalika kwa munthu, pogwiritsa ntchito miyezo yotengedwa kwa anthu a ku Senegal a m'dera lopanda likodzo la m'matumbo. Anafuna muyezo wa anthu a mu Africa momwe muno.

Kuyeza ana osadwala si kwachilendo kuno. Agogo ena akukumbuka azaumoyo akufika pasukulu, kundandika ana n'kumawagwira pamimba mbali ya kumanzere. Ankawerenga kuti mwa ana a zaka ziwiri mpaka zisanu ndi zinayi ndi angati ali ndi kapamba wotupa, kuti adziwe kuchuluka kwa malungo m'deralo. Makina a lero akupitiriza ntchito yomweyo, kungoti amamva zimene dzanja silingamve.

Chifukwa chiyani sangoyeza chiwindi chokha?

Pa likodzo, kapamba nthawi zambiri ndiye amaulula zambiri. Zipsera za likodzo zimakuta mitsempha ya m'chiwindi, koma mnofu wa chiwindi pakati pa mitsemphayo umatha kukhalabe wabwino kwa nthawi yaitali. Choncho munthu sachita chikasu, saonda, ndipo nambala ya chiwindi ikhoza kukwera pang'ono chabe, pamene magazi atsekeredwa kale. Madokotala a pachipatala cha University Teaching Hospital ku Lusaka anayeza akuluakulu odwala likodzo la m'chiwindi ndipo anapeza kuti ziwindi zawo zinali zolimba kuposa za anthu abwinobwino. Komabe amene amasenza mphamvu ya magazi obwerera aja ndi kapamba. Akadzaza amalimba ngati chikopa cha ng'oma yowambidwa kumene. Kapamba wolimba kwambiri amachenjeza dokotala kuti timitsempha ta kum'mero tikhoza kukhala titatupa, ndipo munthuyo afunika kuunikidwa kum'mero ndi kupatsidwa mankhwala otsitsa mphamvu ya magaziwo asanayambe kusanza magazi.

Mafunso amene makolo amafunsa

Kodi makinawa amatenga magazi? Ayi. Palibe singano, palibe kuboola, palibe chotuluka m'thupi la mwana. Tikunena zimenezi poyera chifukwa tikudziwa mphekesera za anamapopa zimene zinavuta mu 2017 m'maboma a kum'mwera kwa Malawi, pamene anthu osalakwa anaphedwa ndipo ntchito zina zaumoyo zinaima. Ngati azaumoyo afunanso kuyeza magazi, mwachitsanzo a hepatitis B kapena malungo, imeneyo ndi nkhani ina, ndipo ayenera kukuuzani padera n'kukupemphani chilolezo.

Kodi amawotcha kapena kuchititsa mwana kukhala wosabereka? Ayi. Si makina a ekisileyi. Amagwiritsa ntchito phokoso, ngati makina omwe aja ounikira amayi oyembekezera.

Kodi ndingakane? Inde. Aliyense wofuna kuyeza mwana wanu wosadwala ayenera kubwera kudzera kwa akuluakulu a zaumoyo a boma ndi mafumu, afotokoze m'chilankhulo chanu chimene akufuna ndi chifukwa chake, akuuzeni zotsatira, ndipo akuuzeni kumene mwana adzatumizidwe ngati apeza vuto. Mukakana, mwana wanu asamanidwe chithandizo china chilichonse. Funsani mpaka mumvetse. Safunsa anadya phula. Koma musakane chifukwa cha mphekesera chabe.

Kodi nambala ikakwera ndiye kuti basi chiwindi chatha? Ayi. Nambala imakwera kwa kanthawi mwana akadya, akakhala ndi kutupa kwa chiwindi kwa masiku ochepa, kapena ngati mtima sukupopa bwino. Dokotala amaphatikiza nambalayo ndi zimene waona pa sikani, m'magazi ndi m'chimbudzi, ndipo nthawi zambiri amabwereza patapita nthawi. Ndiponso makinawa sachiza. Amangoyeza, monga sikelo simunenepetsa mwana.

Kodi zipsera zimatha? Kwa mwana, nkhani yabwino ndi yakuti zipsera zoyambirira za likodzo zimatha kuchepa akalandira mankhwala msanga komanso akaleka kulitenganso. Zipsera zakale zokhwima za munthu wamkulu sizichoka mosavuta. M'mera m'poyamba.

Zimene tingachite lero, makina asanatifike

Makina oyeza kulimba ndi okwera mtengo, ndipo amapezeka makamaka m'zipatala zikuluzikulu za m'mizinda. Musayembekezere kuwapeza pachipatala chaching'ono cha m'mudzi. Sikani wamba mungaipeze m'zipatala zazikulu monga Hospital Provincial de Tete, kapena St Francis ku Katete kwa amene amawoloka. Ku Tete n'kutali, makilomita oposa 250 kuchokera pachipata chino, ndiye musanyamuke mwa inu nokha. Yambani mwaonana ndi APE wa m'mudzi mwanu kapena anamwino a pachipatala chapafupi, ndipo ngati pakufunika, akupatseni guia, kalata yokutumizani. Koma zinthu zoteteza chiwindi cha mwana sizifuna makina. Nazi.

Mankhwala a likodzo akafika pasukulu kapena m'mudzi, mwana amwe, ngakhale sakukodza magazi. Dzina lake ndi praziquantel. Amayeza kutalika kwa mwana pandodo kuti adziwe kuchuluka kwa mapiritsi. Mwana adye kaye phala kapena nsima, chifukwa pa njala mankhwalawa amachititsa chizungulire ndi kupotokola m'mimba. Zimenezi zimatha tsiku lomwelo. Musabise mwana kumunda tsiku la mankhwala, ndipo amene sapita kusukulu, monga abusa a ng'ombe, abwere nawonso, pakuti ndiwo amakhalitsa m'madzi. Kuyambira 2022, WHO imalangiza kuti m'madera a likodzo lambiri mankhwala aziperekedwa kuyambira ana a zaka ziwiri. Mankhwalawa amapha nyongolotsi zimene zilipo koma sateteza mawa, n'chifukwa chake amabwerezedwa.

Banja lililonse likhale ndi chimbudzi, ndipo ana aphunzitsidwe kusakodza kapena kudzithandiza kumtsinje ndi kudambo. Popanda mazira olowa m'madzi, nkhono zilibe choti zitipatse. Makanda asambitseni madzi a pamjigo. Ngati mwatunga kumtsinje kapena padziwe, atenthetseni, kapena muwasiye mumtsuko masiku awiri musanasambitse mwana, chifukwa tizilombo ta likodzo sitikhala moyo nthawi yaitali tikatuluka mu nkhono.

Malizitsani katemera. Dziko la Mozambique linayamba kupereka katemera wa hepatitis B kwa makanda mu 2001, ndipo lero ali m'kati mwa katemera wa matenda asanu amene amabaya pantchafu. Kuno amaperekedwa mwana akakwana miyezi 2, 3 ndi 4; ku Zambia ndi ku Malawi ndi pa milungu 6, 10 ndi 14. Ife a m'malire timayenda uku ndi uku, ndipo mwana akhoza kubayidwa kamodzi kuno, mayi n'kupita kukakhala kwa achibale ku Chadiza kapena ku Katete, katemera n'kuthera pomwepo. Nyamulani khadi kulikonse mukupita ndipo mulionetse kwa anamwino a mbali iliyonse, kuti mwana alandire katatu konse. Amayi oyembekezera, funsani kusikelo ngati mungayezedwe hepatitis B, ndipo muberekere kuchipatala.

Musateme mphini pa kapamba wotupa. Tikunena izi mwaulemu kwa agogo ndi asing'anga athu. Mphini zili pakhungu, vuto lili m'kati, ndipo lezala limodzi logwira ana angapo likhoza kupatsira hepatitis B kapena HIV. Musamuthudzule kapena kumusisita mwamphamvu, chifukwa kapamba wotupa sachedwa kung'ambika. Pa chifukwa chomwecho, mwana wotere apewe masewera ogundana ndi kukwera mitengo mpaka ataonedwa kuchipatala.

Umitsani bwino mtedza ndi chimanga, osati padothi koma pamphasa kapena pathandala, ndipo musawaze madzi mtedza kuti usavute kuswa. Wofota, wowawa ndi wa chuku tayani. Tili ndi chizolowezi chogulitsa mtedza wabwino n'kusiya wotsalira kuti ukhale nsinjiro za phala la mwana. Pamenepo tikugulitsa chakudya n'kusungira mwana poizoni.

Mwana agone m'neti usiku uliwonse, ndipo akatentha thupi ayezedwe malungo tsiku lomwelo, amalize mankhwala onse. Musamupatse paracetamol wopitirira muyezo kapena mankhwala osadziwika a pamsika, chifukwa zonsezo zimakathera m'chiwindi.

Zizindikiro zosadikira kuti kuche

Thamangirani kuchipatala nthawi yomweyo, usana kapena usiku, mwana kapena wamkulu akasanza magazi, akachita chimbudzi chakuda bii ngati phula la pamsewu, mimba ikatupa mwadzidzidzi ndipo m'manja ndi m'zikope mwayera, kapena akamva kupweteka kwambiri kumanzere atagwa kapena kugundidwa. Pitaninso msanga maso akachita chikasu, miyendo ikatupa, kapena khanda likapitirira milungu iwiri lili ndi chikasu, makamaka ngati chimbudzi chake chili chotuwa ndipo mkodzo uli wakuda. Khanda lotere likhoza kukhala ndi njira ya ndulu yotsekeka, ndipo opaleshoni yake imathandiza kwambiri ikachitika miyezi iwiri isanathe.

Ndipo mwana uja tinayamba naye, wa mimba yaikulu koma wosewera bwino, musadikire kuti adwale. Pitani naye sabata ino akamugwire pamimba, akamuyeze malungo, magazi, mkodzo ndi chimbudzi. Mwina adzakuuzani kuti palibe choopsa, ndipo mudzagona tulo. Mwina adzapeza likodzo, n'kumupatsa mapiritsi a tsiku limodzi amene angamupulumutse ku kusanza magazi akadzakula.

 Amene muli ndi mafunso, kaperekeni kwa APE wa m'mudzi mwanu kapena kwa anamwino tsiku la sikelo, ndipo tidzawayankha m'pulogalamu yotsatira.